DZANJA, NKHOPE NDI UBONGO

Mwa anthu 10 ali onse, pafupifupi 9 amadya, kulemba ndi kuponya mwala ndi dzanja lamanja. Otsalawo ndiwo amanzere. Gwero la kusiyana kumeneku siliri m'dzanja ai, koma mu ubongo.

Ubongo uli ndi mbali ziwiri, monga nsawa yosendedwa khungu. Mitsempha yocokera ku mbali zimenezi imapingasana pamene iri kutsikira m'thupi. Cotero mbali ya kumanzere ndiyo imalamulira dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndipo ya kumanja imalamulira ziwalo za kumanzere.

Mbali ziwirizi sizigwira nchito yofanana. M'caka ca 1861 sing'anga wa ku Paris, dzina lace Paul Broca, anali ndi wodwala amene anali kumva zonena anthu, koma iye mwini sanali kutha kunena kanthu kena koma liu limodzi lokha, lakuti "tan". Atamwalira munthuyo, Broca anapeza kuti ubongo wace unaonongeka ku mbali ya kumanzere. Lero cidziwika kuti mwa anthu ambiri kulankhula kumacokera ku mbali imeneyo.

Nkhope nayonso imaulula cinsinsi cimeneci. Munthu akamalankhula, kawirikawiri pakamwa pace pamatseguka kwambiri ca kumanja. Koma cisoni, mantha ndi kunyansidwa zimaonekera kwambiri ku tsaya la kumanzere, pakuti mbali ya kumanja ya ubongo ndiyo iri ndi mphamvu yoposa pa zimenezi. M'caka ca 1978 Harold Sackeim ndi anzace ku America anadula zithunzi za nkhope pakati, napanga nkhope zatsopano, zina za mbali ya kumanzere yokhayokha, zina za kumanja. Oziona anati za kumanzerezo ndizo zinali kuonetsa kwambiri za mumtima.

Kodi tsono ubongo wa munthu wamanzere ngwotembenuka? Iai. Mwa amanzere 10, pafupifupi 7 amalankhula ndi mbali ya kumanzere monga anzao. Mwana wamanzere sali wamwano kapena wopusa. Kummenya kuti alembe ndi dzanja lamanja ndi kumzunza cabe.

Kusiyana pang'ono kwa masaya si matenda. Koma pakamwa pa munthu pakapotoka mwadzidzidzi, dzanja limodzi nkulefuka, mau nkusokonezeka, ndiye kuti mwina magazi aleka kufika ku mbali ina ya ubongo. Wotereyu atengedwe ku cipatala msanga, osadikira kuti kuce.

MAFUNSO

1. Ndi mbali iti ya ubongo imene imalamulira dzanja lamanja?
2. Kodi Broca anapeza ciani?
3. Cifukwa ninji nkulakwa kumenya mwana wamanzere?