Wophunzira Wokhala pa Lendi: Mlendo Kapena Mnansi?

Cholinga cha phunziro

Pomaliza pa phunziroli tikhale titamvetsa zinthu zitatu izi:

1. Chifukwa chimene ophunzira ambiri a ku yunivesite amakhalira m'nyumba za lendi pakati pa anthu.
2. Ufulu ndi udindo umene wophunzira wotere ali nawo m'dera limene akukhala.
3. Udindo wathu ife makolo ndi eni nyumba.

Mau oyamba

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi mau amenewa ankatilangiza kuti tizimsamala mlendo ndi kumpirira, poti masiku ake ndi owerengeka. Koma masiku ano pali mlendo wina amene sakamuka msanga. Ameneyu ndi wophunzira wa ku yunivesite amene wasowa malo m'zipinda zogona za pa sukulu, nakapeza kachipinda ka lendi pakati pa anthu. Amakhala pamenepo zaka zinayi, mwina zisanu. Amatunga madzi pa mpopi umodzi ndi eni dera, amalowa chimbudzi chimodzi ndi iwo, ndipo akadwala usiku, iwowo ndiwo amamva kubuula kwake. Munthu wotere sitingamutchenso mlendo. Ndi mnansi, ndipo ayenera kukhala ngati mnansi ndi kulandiridwa ngati mnansi.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Nkhata Bay m'njira ziwiri. Choyamba, ndife makolo. Kuchokera pa boma pano kukafika ku Mzuzu pali mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo ana athu ena akuchita lendi kumeneko. Chachiwiri, ndife eni nyumba. Ophunzira amabwera kwathu kuno kudzayesera ntchito ya uphunzitsi m'masekondale athu, ena kudzaphunzira ntchito ku chipatala cha boma ku Mkondezi, ndipo onsewa amafuna pogona kwa milungu kapena miyezi ingapo.

Zinayamba bwanji?

Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ophunzira anali ochepa ndipo pafupifupi onse ankagona ndi kudya pa sukulu pomwepo. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, zinthu zinali chomwecho ndithu. Koma mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ife amene tinaphunzira zauphunzitsi tikukumbukira m'mene makalasi anadzadzira, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira. Anawo anakula, ambiri nafika ku sekondale, nayamba kufuna malo ku yunivesite.

Yunivesite ya Mzuzu inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 1999 ku Luwinga, pamalo pamene kale panali koleji yophunzitsa aphunzitsi. Pambuyo pake panadza Yunivesite ya Livingstonia mu 2003, Yunivesite ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ndi ya sayansi ku Thyolo mu 2014. Komabe ophunzira anachuluka msanga kuposa zipinda zogona. N'chifukwa chake ku Zomba ophunzira ambiri amakhala ku Chikanda, ndipo ku Mzuzu amapezeka ku Luwinga, ku Area 1B ndi ku Nkhorongo. Sanasankhe kudzatipanikiza ayi. Malo ogona pa sukulu ndiwo anachepa.

Malamulo a dziko akuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amateteza wophunzira wa pa lendi monga amatetezera nzika ina iliyonse.

Gawo 39 limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi. Choncho mwana wa ku Nsanje akhoza kuchita lendi ku Mzuzu, ndipo wa ku Chintheche akhoza kuchita lendi ku Zomba, popanda wina kumufunsa kuti akufunanji kwa eni.

Gawo 20 limaletsa tsankho. Kumkaniza munthu nyumba chifukwa cha mtundu wake, chiyankhulo chake, chipembedzo chake kapena kulumala kwake n'kusemphana ndi cholinga cha gawo limeneli.

Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu ndi nyumba yake. Mwini nyumba akalandira lendi, chipindacho chasanduka pakhomo pa wophunzirayo. Sayenera kulowamo iye kulibe n'kumafufuza m'zikwama.

Gawo 77 limalola nzika ya zaka 18 kulembetsa mavoti kumene imakhala nthawi zonse, kumene inabadwira, kapena kumene imagwira ntchito kapena kuchita malonda. Izi zikutanthauza kuti wophunzira amene wakhazikika m'dera akhoza kusankha nawo khansala ndi phungu wa deralo. Tsono munthu amene ali ndi mau posankha khansala angalephere bwanji kukhala ndi udindo pa ngalande ndi dzala za m'deralo? Ufulu umayenda ndi udindo.

Udindo wa wophunzira

1. Kudzidziwitsa. Wophunzira akalowa m'nyumba, apemphe mwini nyumba kuti akamuonetse kwa mfumu kapena mtsogoleri wa dera. Tsiku la tsoka, munthu wodziwika amathandizidwa msanga. Aphunzirenso moni wa eni dera. Ku Mzuzu kunena kuti "Monire" sikulira ndalama, monganso ife timakondwa mlendo akatipatsa moni kuti "Timuwoneni". Kudutsa akuluakulu ngati mitengo, zomvera nyimbo zili m'makutu, kumapangitsa anthu kunena kuti sukulu imaononga ana.

2. Maliro ndi matenda. Kwathu kuno mnansi amadziwika pa maliro. Wophunzira sangajombe mayeso chifukwa cha maliro, ndipo aliyense amamvetsa zimenezi. Koma akhoza kukapepesa madzulo, kuthandiza kuwaza nkhuni kapena kutunga madzi, ndi kuponya kangachepe m'mbale ya chipepeso. Kuliza wailesi kwambiri pamene pakhomo loyandikana nalo pali chisoni n'chipongwe chimene anthu saiwala msanga.

3. Ukhondo. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, n'kufika kwathu kuno m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho. Pofika kumapeto kwa 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera siyang'ana satifiketi. Pakhomo pamene anthu khumi kapena kuposa akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, mmodzi akalekerera, onse ali pa ngozi. Wophunzira alowe nawo m'ndandanda wa kukolopa chimbudzi ndi bafa, ataye zinyalala m'dzenje, ndipo asaone ngati kusesa pabwalo ndi ntchito ya amayi a panyumbapo okha.

4. Madzi ndi magetsi. Mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pa bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi. Ngati mita ndi imodzi, agwirizane poyamba pomwe za amene aziphikira magetsi ndi amene aziphikira pa mbaula, ndi ndalama zimene aliyense azisonkha. Kulumikiza mawaya mwachinyengo ndi mlandu, ndiponso kumabutsa moto. Kandulo woiwalika pa tebulo la mabuku akhoza kupsereza mdadada wonse.

5. Phokoso ndi alendo. Wophunzira amawerenga usiku, koma mnansi wake amadzuka mbandakucha kupita ku msika kapena ku ntchito. Chisangalalo chotsiriza mayeso sichoipa, koma adziwitse anansi ndi kulekeza pa nthawi yabwino.

6. Ngongole. Mayi wogulitsa tomato ndi usipa, kapena bambo wa pa okala, amakongoza wophunzira chifukwa cha chifundo. Mpamba wao ndi wochepa. Kuchoka pa holide usiku osabweza ngongole ndi kuba, ndipo kumatsekera khomo ophunzira ena obwera m'mbuyo.

7. Ana a eni dera. Ana a sukulu amayang'ana wophunzira wa ku yunivesite ngati chitsanzo. Kunyengerera mtsikana wa pa sukulu ndi ndalama kapena foni n'kupha tsogolo lake, ndipo kugonana ndi mwana wosakwana msinkhu ndi mlandu waukulu pamaso pa malamulo.

8. Madandaulo. Ophunzira ali ndi ufulu wochita zionetsero mwamtendere. Mu Marichi 1992 ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumseu kugwirizana ndi kalata ya aepiskopi, ndipo dziko limawakumbukira ndi ulemu. Koma kugenda galimoto za anthu kapena kugwetsa mabenchi a ogulitsa malonda n'kulanga mnansi amene sanalakwe kanthu.

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wophunzira ali ndi nzeru zimene dera likuzisowa. Wa zauphunzitsi akhoza kuthandiza ana a Sitandade 8 masamu Loweruka masana. Wa zaunamwino akhoza kukumbutsa anansi kathiridwe ka mankhwala m'madzi akumwa. Wina akhoza kuthandiza gogo kulemba fomu kapena kuwerenga kalata ya ku ofesi. Zinthu zazing'ono zoterezi ndizo zimachititsa kuti eni dera azimutchula kuti "mwana wathu".

Udindo wa ife eni nyumba

Tisaloze chala ophunzira okha. Alipo eni nyumba amene amaona wophunzira ngati munda wa ndalama. Amaika ana anayi m'chipinda cha munthu mmodzi, amakweza lendi pakati pa teremu popanda chidziwitso, ndipo denga likadontha amangoti tiona. Ena amamanga zipinda zambiri koma chimbudzi n'kukhala chimodzi chokha, chopanda ndi chitseko chomwe. Choipitsitsa ndi bambo amene amauza mtsikana wosowa lendi kuti alipire ndi thupi lake. Kumeneku n'kudyera masuku pamutu mwana wa mnzathu, ndipo tikamva zotere tisakhale chete.

Tidziwenso kuti ophunzira ambiri ndi ana a alimi ndi asodzi ngati ife. Ena amadalira ngongole ya boma, yochokera ku bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo ngongoleyo siifikira aliyense wopempha. Lendi ikachedwa, tiyambe tafunsa tisanatulutse katundu panja.

Mwini nyumba wachilungamo amachita izi: amalemba pangano la lendi papepala, aliyense n'kusunga lake, amapereka lisiti kapena kusainirana m'kope, amaika loko wolimba ndi nyali ya panja, amanena malamulo a pakhomo tsiku loyamba, ndipo amasunga nambala ya foni ya kholo la wophunzirayo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Namwino amene lero akugona m'kachipinda kathu ku Mkondezi, mawa ndiye adzatilandire pa chipatala.

Udindo wa ife makolo

Ambiri a ife timaganiza kuti tikapeza fizi ndi thumba la ufa wa kondowole, ntchito yatha. Koma mwana amene sanaphunzire kusesa, kuphika ndi kupereka moni pakhomo pathu sadzaziphunzira m'kalasi ya ku yunivesite. Timlangize asananyamuke. Ngati n'kotheka tikwere minibasi tikaone kumene akugona, tikadziwane ndi mwini nyumba, ndipo lendi tizitumiza pa nthawi yake, pakuti njala ndi ngongole ndizo zimakankhira ana ambiri m'makhalidwe oipa. Timpatsenso kalata ya ku parishi kuti akalowe mu mphakati wa kumene akukhala. Mphakati ndiwo ukhale banja lake loyamba akadwala kapena akagwa m'vuto.

Pakabuka mkangano

Anthu okhala pamodzi salephera kukhulana. Choyamba, awiriwo akambirane paokha mofatsa. Zikakanika, aitane mboni: mkulu wa mphakati, kapena mtsogoleri wa bungwe la ophunzira. Zikakanikabe, apite kwa mfumu kapena mtsogoleri wa dera, ndipo ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa sukulupo idziwitsidwe. Nkhani za kuba, kumenyana ndi kugwiririra ndi za apolisi, si zokambirana kuseri kwa nyumba ayi. Ndipo munthu akangoganiziridwa kuti waba, tisalamule tokha pomumenya. Kulanga ndi ntchito ya bwalo la milandu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'dera lathu muli ophunzira kapena achinyamata ena okhala pa lendi? Timawadziwa maina ndi kwao?
2. Ndi madandaulo ati amene eni nyumba amakhala nawo pa ophunzira? Nanga ophunzira amadandaula zotani pa eni nyumba?
3. Mwini nyumba akafuna kukweza lendi, njira yachilungamo ndi iti?
4. Mwana wathu atakhala kuti ndiye wasowa lendi ku Luwinga kapena ku Chikanda, tingafune kuti mwini nyumba amchitire zotani?

Zoti tichite

Mphakati uliwonse ulembe maina a ana ake amene ali ku makoleji, ndipo pa holide uwaitane kudzacheza nawo za umoyo wa pa lendi. Usankhenso anthu awiri, bambo ndi mayi, oti azikalonjera ophunzira obwera kudzayesera ntchito m'dera lathu, a mpingo uliwonse ndi mtundu uliwonse. Eni nyumba a mu mphakati akhale pansi ndi kugwirizana za pangano la lendi lolembedwa, limene onse azigwiritsa ntchito. Pa msonkhano wotsatira gulu lililonse lidzafotokoze zimene lachita.