Kuphunzitsa Khutu la Mwana Kusiyanitsa Maliwu

Mawu aliwonse amene munthu amalankhula amapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maliwu, ndipo maliwuwo akalumikizana amapanga maphatikizo, monga mmene mawu oti "nyumba" alili ndi maphatikizo awiri, "nyu" ndi "mba". Mwana amayamba wamva maliwu asanaone malembo ake, choncho amene khutu lake silinazolowere kuwasiyanitsa amavutika kuwerenga ndi kulemba ngakhale ataloweza alifabeti yonse. Ichi n'chifukwa chake ndondomeko yophunzitsira kuwerenga imene boma la Malawi linayamba m'Sitandade 1 mu 2016 imapatsa ana nthawi yomva ndi kutchula maliwu.

M'Chichewa kusiyana kumene kumasokoneza ana ambiri n'kwa kampweya kamene kamatuluka potchula ph, th ndi kh koma sikatuluka potchula p, t ndi k. Kampweyako n'kochepa, komabe ndiko kamalekanitsa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola", "kama" ndi "khama". Kholo likhoza kuuza mwana kuti aike chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula mawu awiriwo mosinthanasinthana, ndipo mwanayo adzamva mpweya ukumuwomba pa "phala" pokha. Akazindikira zimenezi, kholo limuuze atembenuke kuti asaone milomo, kenako litchule mawu awiri n'kumufunsa ngati ali ofanana kapena osiyana, pakuti kutero kumachititsa kuti khutu ligwire ntchito lokha. Masewera omwewa amathandizanso pa "bala" ndi "mbala", kapena pa "ng'oma" yovinira ndi "ngoma", nyama ya m'tchire. Za l ndi r mwana wamng'ono asavutitsidwe nazo, popeza m'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu, ndipo lamulo la kalembedwe kake adzaliphunzira kusukulu.

Kuomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse la dzina la mwana, kufunafuna zinthu za pakhomo zoyamba ndi liwu limodzi, nyimbo ndi ndagi, zonsezi sizilira buku kapena ndalama, moti ngakhale kholo limene langoyamba kumene sukulu ya kwacha lingazichite potongola chimanga.

Koma mwana amene amatuluka mafinya m'khutu, kapena amene sacheuka akaitanidwa chakumbuyo, masewerawa sangamukwanire, ndipo kholo liyenera kupita naye kuchipatala msanga kuti akamupime makutu.