Phunziro 17: Mbuzi ya Mkaka Ifuna Mchere

Mawu atsopano: kashiamu, fosiforasi, ayodini, kopa.

Tiyeni tiyambe ndi zimene tonsefe tidaziona. Mbuzi ikunyambita chipupa cha nyumba. Ina ikutafuna nsanza. Ina yatola fupa kudzala, ikulikukuta ngati galu. Ife timaseka, n'kumati mbuzi ndi yosusuka. Koma si kususuka ayi. Mbuzi imeneyo ikufuna mchere umene suli m'zakudya zake.

Ku Tete kuno mbuzi si zachilendo. Chachilendo kwa ambiri a ife ndi kukama mbuzi. Makolo athu ankaweta mbuzi za nyama, za pamaliro ndi zolipira milandu. Mbuzi yotere imatulutsa mkaka wochepa, wongokwanira ana ake. Mbuzi ya mkaka, monga ya mtundu wa Saanen kapena yobadwa kwa tonde wa mtundu umenewu, ndi ina. Ikadya bwino ikhoza kutipatsa lita imodzi kapena awiri pa tsiku. Mkaka umenewu ndi wa ana athu, ndipo wotsala umabweretsa ndalama m'thumba la koperativa.

Tsono tifunse: kodi mkaka umachokera kuti? Umachokera m'thupi la mbuzi. M'lita imodzi ya mkaka muli kashiamu woposa galamu imodzi, ndi fosiforasi pafupifupi galamu imodzi. Iyi ndi michere iwiri imene imamanga mafupa ndi mano. Tikakama m'mawa, michereyi yapita m'chikho. Ngati sitiibweza ndi chakudya, mbuzi imaitenga m'mafupa ake omwe. Zili ngati kutapa chimanga m'nkhokwe tsiku ndi tsiku osalima. Poyamba simuona kanthu. Kenaka mbuzi imawonda, imayenda motsimphina, mkaka umachepa, ndipo imachedwa kutenga bere lina. Ina imagwa pansi itangobereka, n'kulephera kudzuka.

Nthawi yovuta ndi chilimwe. Mvula ikasiya mu Epulo, udzu umauma ndipo fosiforasi wake amachepa kwambiri. Pofika Okutobala, mvula isanagwe, mbuzi zambiri zimakhala zikudya mapesi okhaokha. Mimba yakhuta, koma thupi lili ndi njala.

Pano pali msampha umene ambiri timagwamo. Kuno chimanga timalima ndithu, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo. Choncho gaga sasowa, ndipo mbuzi zimamukonda. Gaga ndi wabwino, amapatsa mphamvu. Koma ali ndi fosiforasi wambiri ndi kashiamu wochepa zedi. Mbuzi imafuna magawo awiri a kashiamu pa gawo limodzi la fosiforasi. Gaga yekha amatembenuza muyeso umenewu. Tonde kapena mfule wodya gaga wambiri amatha kuchita timiyala m'njira ya mkodzo. Amakosa, amalira, mkodzo sutuluka, ndipo tikachedwa amafa. Taganizani, tonde mmodzi amene koperativa yonse idasonkhera, kufa chifukwa chomukonda ndi gaga!

Mankhwala ake ali m'minda mwathu. Masamba a mbewu za mtundu wa nyemba ali ndi kashiamu wambiri. Tikakumba mtedza, tikakolola nyemba, soya, khobwe kapena nandolo, tisatenthe zotsala. Tiziumitse pamthunzi kuti masamba asayoyoke, tizisunge pathandala pansi pa denga. Masamba a lukina nawonso ndi abwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa. Pa kilo imodzi ya gaga tithiremo supuni yaikulu imodzi ya laimu wothira m'munda, kapena ya ufa wa zigoba za mazira zootcha. Tinene bwino: laimu wa m'munda, osati wopakira nyumba. Wopakira nyumba amaotcha m'kamwa.

Tibwere ku mchere wathu wa kukhitchini. Udzu ndi masamba zili ndi mchere wochepa, pamene mbuzi imautaya mu mkaka ndi mu mkodzo. Mbuzi yokamidwa imafuna magalamu ngati 10 pa tsiku, ndiye kuti masupuni aang'ono awiri osasefukira. Ikasowa mchere, chilakolako cha chakudya chimachepa, mkaka nawonso umachepa.

Koma si mchere uliwonse. Tigule wothira ayodini. Ife a ku Tsangano ndi a ku Macanga tili kumapiri, kutali ndi nyanja ya mchere. M'maiko ambiri, dothi la kumapiri kotere limakhala ndi ayodini wochepa, chifukwa mvula idamukokolola kalekale. Ndi chifukwa chake kumapiri kumapezeka anthu a chithokomiro, chija chotupa pakhosi. Mbuzi nayonso imadwala chithokomiro, koma wovutika kwambiri ndi mwana amene ali m'mimba. Mayi wake ayembekeza miyezi isanu, kenaka kubadwa kamwana kotupa pakhosi, kopanda ubweya wokwanira, kofooka, mwina kakufa kale. Mwana tataya, ndipo mkaka wa chaka chimenecho wachepa. Tichenjerenso ndi masamba a kabichi, repu ndi mpiru amene amatsala m'madimba mwathu. Pang'ono alibe vuto. Akachuluka tsiku ndi tsiku amalepheretsa ayodini kugwira ntchito, makamaka kwa mbuzi ya bere.

Kopa amafunika pang'ono chabe. Akasowa, mbuzi yakuda imayamba kufiirira, ubweya umanyankhalala, ndipo ana ena amabadwa akudzandira miyendo ya kumbuyo. Kopa sitingamuyese ndi supuni pakhomo. Amapezeka mu mchere wonyambita wogula kusitolo ya zaulimi. Tsopano popeza taphunzira kuwerenga, tiwerenge pachikuto. Mchere wopangira nkhosa uli ndi kopa wochepa, sukwanira mbuzi. Wa ng'ombe kapena wa mbuzi ukhoza kupha nkhosa. Amene tili ndi nkhosa ndi mbuzi, tizidyetse padera.

Nanga ndalama zikasowa? Tingapange tokha. Titenge mbale imodzi ya mchere wa ayodini ndi mbale imodzi ya ufa wotchedwa DCP, umene uli ndi kashiamu ndi fosiforasi pamodzi. DCP akasowa, titenge mafupa, tiwaotche pamoto waukulu mpaka ayere ngati phulusa, tiwasinje, tiwasefe. Tisakanize ndi dothi la pachulu ndi madzi pang'ono, tiumbe ngati njerwa, tiumitse pamthunzi. Njerwayo tiiike m'bokosi m'khola, pamalo okwera, pomwe mvula, dzuwa ndi ndowe sizifika. Chinyezi ndi dzuwa zimathawitsa ayodini.

Pa mafupa tisachite chibwana. Akhale a chiweto chimene tidapha tokha chili bwino. Mafupa a chiweto chofa chokha tisawagwire n'komwe, chifukwa angakhale ndi matenda opha ziweto ndi anthu omwe. Ufa wa mafupa osaotcha kapena wa nyama tisapatse mbuzi. Ku Britain, m'chaka cha 1986, kudapezeka matenda a misala ya ng'ombe. Adafala chifukwa chodyetsa ng'ombe ufa wa nyama ndi mafupa, ndipo maiko ambiri adaletsa chakudya chotere.

Mbuzi imene yakhala nthawi yaitali osalawa mchere tiiyambe pang'onopang'ono, ndipo madzi oyera asasowe m'khola. Mchere wopanda madzi ndi chiphe. Komanso si kuwonda kulikonse kumene kuli kwa mchere. Titsegule chikope cha m'munsi cha mbuzi. Ngati m'kati mwake mwayera m'malo mofiira, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Apo tiitane alangizi a ziweto msanga, njerwa ya mchere singachize zimenezo.

Tikambirane:
Kodi ndi mbuzi ziti za m'khola mwathu zimene taziona zikutafuna mafupa kapena kudya dothi? Unali mwezi uti?
Zotsala za mtedza ndi nyemba za chaka chatha tidazichita chiyani?

Tilembe: Mbuzi ya bere ifuna mchere wa ayodini.

Tiwerengere: Koperativa ili ndi mbuzi zokamidwa 12. Iliyonse ifuna magalamu 10 a mchere pa tsiku. Kilo imodzi ndi magalamu 1,000. Kodi msungichuma agule mapaketi angati a kilo imodzi kuti akwanire masiku 30?