Kagwiridwe ka Pulojekiti ya Pagulu M'chaka Chomaliza cha Maphunziro a Zamalonda ndi Kukonzekera Ntchito

M'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalonda, ophunzira kawirikawiri amaikidwa m'magulu kuti afufuze vuto la bizinesi inayake, aunike msika wa katundu wina, kapena alembe ndondomeko ya bizinesi yatsopano. Ntchito imeneyi ndi yofunika kuposa malikisi amene imabweretsa. Womaliza maphunziro, kaya wachokera ku MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, kaya ku Catholic University ku Nguludi kapena ku Malawi College of Accountancy, amapeza kuti olemba ntchito ambiri akufuna munthu amene anagwirapo kale ntchito. Pulojekiti yogwiridwa pa bizinesi yeniyeni, ndi ziwerengero zenizeni, ndiyo ntchito yoyamba imene iye angaloze. Ndondomeko ili m'munsiyi ikulongosola momwe gulu lingaigwirire kuti idzakhale umboni wotero.

Gawo 1: Kupanga gulu ndi kugawana maudindo

Gulu la anthu anayi kapena asanu limayenda bwino, chifukwa aliyense amakhala ndi chochita ndipo waulesi sachedwa kuonekera. Ngati sukulu yalola ophunzira kudzisankhira okha, asankhane potengera luso losiyanasiyana osati chinzake chokha: wina wodziwa maakaunti, wina wotha kucheza ndi anthu pamsika, wina wolemba bwino, wina wozolowera kompyuta.

Pamsonkhano woyamba gulu lisankhe wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo lilembe pangano lalifupi lomwe aliyense asainire. Panganolo linene tsiku lokumana sabata iliyonse, ndalama zomwe aliyense azisonkha zoyendera, zosindikizira ndi za bandulo ya intaneti, komanso chomwe chidzachitike kwa munthu wojomba kawiri popanda chifukwa. Mlembi asunge kope lolembamo amene wapatsidwa ntchito, tsiku loti aimalize ndi tsiku lomwe waimalizadi. Mkangano ukabuka, mphunzitsi woyang'anira amaweruza mosavuta akaona kopelo, ndipo pambuyo pake aliyense amadziwa bwinobwino gawo lomwe anagwira.

Gawo 2: Kusankha bizinesi ndi vuto limodzi

Magulu ambiri amathamangira mabanki ndi makampani akuluakulu. Makampani otere amatenga nthawi kuti ayankhe kalata ndipo sawulula ziwerengero zawo zamkati. Bizinesi yaing'ono, monga chigayo, malo ophikira buledi, shopu ya zipangizo zomangira, kapena kopaletivi ya alimi a mkaka, imalandira ophunzira msanga, ndipo mwini wake ndi amene amapanga ziganizo, choncho uphungu wa gulu ukhoza kuyesedwa pulojekiti isanathe.

Vuto losankhidwa likhale limodzi, loti likhoza kuyankhidwa m'miyezi yomwe ilipo. Mutu wakuti "mavuto a mabizinesi ang'onoang'ono m'Malawi" ndi waukulu kwambiri. Mutu wogwirika ndi funso ngati ili: n'chifukwa chiyani kampani yopanga chiponde imagulitsa katundu wake wonse koma imasowa ndalama zogulira mtedza pofika mu Januwale? Funso lotere limauza gulu zomwe likafufuze, anthu omwe likawafunse ndi masamu omwe lidzachite.

Gawo 3: Kupempha chilolezo

Gulu lisayambe kufunsa mafunso lisanatenge kalata ya kusukulu yofotokoza kuti anthuwa ndi ophunzira ndipo cholinga chawo ndi chotani. Eni mabizinesi ena amaopa kuti ofunsa za ndalama atumidwa ndi okhometsa misonkho kapena ndi opikisana nawo pamalonda. Mantha amenewa amatha gulu likafotokoza poyera kuti ziwerengero zidzaonedwa ndi aphunzitsi okha, ndi kuti dzina la bizinesi likhoza kubisidwa mulipoti ngati mwini wake afuna. Lonjezo limeneli lisungidwe ngakhale maphunziro atatha.

Ofufuza pamsika ayambe aonana ndi wapampando wa msikawo, ndipo opita kumudzi ayambe alonjera kwa amfumu. Wofunsidwa aliyense auzidwe kuti ali ndi ufulu wokana, ndipo asajambulidwe chithunzi kapena mawu asanavomere.

Gawo 4: Kusonkhanitsa mfundo

Mfundo zimachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zolembedwa kale. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imafalitsa zotsatira za kalembera ndi za kakweredwe ka mitengo ya zinthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kumidzi. Reserve Bank of Malawi imalengeza za chiwongoladzanja ndi mphamvu ya kwacha. Makampani omwe ali pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amafalitsa malipoti awo apachaka, omwe ndi othandiza poyerekezera.

Mbali yachiwiri ndi zomwe gulu ladzipezera lokha. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri alibe mabuku a maakaunti olongosoka, koma ziwerengero zimakhalapo ndithu: m'kope la ngongole, m'malisiti a kooda, ndi m'mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba. Gulu lizisonkhanitse zonsezi ndi kuzikonza mwezi ndi mwezi. Lifunsenso ndalama ndi katundu zomwe mwini bizinesi amatengera kunyumba, chifukwa apa ndi pamene mpamba umathera osaoneka.

Mafunso a makasitomala alembedwe m'chiyankhulo chomwe anthuwo amayankhula, ndipo ayesedwe kaye pa anthu ochepa kuti ovuta kumva akonzedwe. Kudzaza mapepala a mafunso m'chipinda chogona, kunamizira kuti ayankhidwa ndi anthu, ndi chinyengo chomwe chikhoza kulepheretsa munthu digiri, ndiponso chimasocheretsa mwini bizinesi yemwe wakhulupirira gululo.

Gawo 5: Kuwerengera ndi kupeza yankho

Apa ndi pamene zophunzira za zaka zonse zimagwira ntchito. Masamu oyamba ndi opeza kuchuluka kwa katundu yemwe ayenera kugulitsidwa kuti bizinesi isaluze. Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti botolo la chiponde likugulitsidwa K3,000, ndipo mtedza, botolo ndi chizindikiro chake zikudya K2,000. Pabotolo lililonse pakutsala K1,000. Ngati lendi, magetsi ndi malipiro a antchito zikukwana K300,000 pamwezi, bizinesiyo iyenera kugulitsa mabotolo 300 isanayambe kuona phindu. Mtedza ukakwera mtengo moti botolo n'kumadya K2,400, pamatsala K600 yokha, ndipo mabotolo ofunika amafika 500.

Masamu achiwiri ndi a kayendedwe ka ndalama mwezi ndi mwezi. Bizinesi ikhoza kukhala ndi phindu papepala koma m'thumba mulibe kanthu, ngati masitolo akutenga katundu pangongole n'kumalipira patatha miyezi iwiri, pamene alimi amafuna ndalama pompopompo. Mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola ndipo umakwera mvula ikayandikira, choncho gulu liwerengere ngati kugula wambiri nthawi yokolola kungapindulitse, litachotsera chiwongoladzanja cha ngongole, mtengo wosungira ndi chiopsezo cha chuku.

Masamu achitatu ndi oyesa zomwe zingachitike zinthu zikasintha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo nthawi yochepa. Ndondomeko ya bizinesi yomwe yangoganiza kuti mitengo ya lero idzakhala yomweyo chaka chamawa ndi yosadalirika. Gulu liwerengere katatu: zinthu zikayenda bwino, zikakhala pakatikati, ndi zikavuta.

Uphungu womaliza ukhale wa mfundo zitatu kapena zinayi, iliyonse itatchulidwa mtengo wake, woichita ndi nthawi yake. Kulangiza bizinesi yaing'ono kuti igule makina omwe singawakwanitse sikuthandiza. Kuilangiza kuti ilekanitse ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, ichepetse masiku a ngongole, kapena iyambe ndondomeko yopezera chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti katundu wake alowe m'masitolo akuluakulu, ndi uphungu wotheka.

Gawo 6: Kulemba lipoti ndi kulipereka

Aliyense alembe gawo lake, koma munthu mmodzi awerenge lipoti lonse ndi kulisalaza kuti ziwerengero za m'mutu wina zisatsutsane ndi za m'mutu unzake. Mawu ndi ziwerengero zotengedwa kwina zitchulidwe komwe zachokera. Lipoti lisungidwe malo awiri kapena atatu, pakompyuta, pafulashi ndi pa imelo, poti magetsi akhoza kuzima kapena kompyuta kuwonongeka sabata yomaliza. Gulu lidziikire tsiku lomalizira lofika sabata imodzi tsiku loikidwa ndi sukulu lisanakwane.

Pokonzekera kuyankhula pamaso pa aphunzitsi, gulu liyeserere ndi wotchi, ndipo aliyense adziwe lipoti lonse, chifukwa funso la maakaunti likhoza kugwera amene analemba za msika. Zikatha izi, gulu libwerere kwa mwini bizinesi ndi tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza zomwe lapeza m'chiyankhulo chomwe iye amamva bwino. Ulendo umenewu ndi ulemu woyenera kwa munthu amene anatsegula mabuku ake, ndipo ndi nthawi yabwino yomupempha kalata yochitira umboni kuti ophunzirawo anagwiradi ntchito pamalo pake.

Gawo 7: Kulemba CV ndi kalata yofunsira ntchito

CV ya womaliza kumene maphunziro isapitirire masamba awiri. Pulojekiti ilembedwe pamodzi ndi ntchito zina zomwe munthuyo anagwirapo, monga ya patchuthi kapena udindo wa msungichuma m'bungwe la ophunzira. Mawu akuti "wolimbikira ntchito" amalembedwa ndi aliyense ndipo satsimikizira kanthu. Chofunika ndi kunena chomwe chinachitika: anthu angati anafunsidwa, maakaunti a miyezi ingati anakonzedwa, uphungu uti unatsatidwa. Kope la mlembi lija limathandiza kuti aliyense alembe zoona za gawo lake, osadzitengera ntchito ya anzake.

Kalata yofunsira ntchito ilembedwe mwatsopano pa ntchito iliyonse, ndipo ilumikize zomwe kampani ikufuna ndi zomwe wofunsirayo anachita. Anthu ochitira umboni, monga mphunzitsi woyang'anira ndi mwini bizinesi, apemphedwe kaye mayina awo asanalembedwe. Satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi chikalata cha zotsatira za kuyunivesite zikhale zokonzeka, zojambulidwa ndi zosungidwa pakompyuta, ndipo adiresi ya imelo ikhale ya dzina lenileni la munthuyo.

Gawo 8: Kufunafuna ntchito ndi intavyu

Kufunafuna ntchito kuyambe mayeso omaliza asanafike. Ntchito zimalengezedwa m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, pamasamba a intaneti a makampani, ndi pa LinkedIn. Chionetsero cha zamalonda chomwe bungwe la MCCCI limachititsa ku Chichiri mu Blantyre chimapereka mpata wocheza ndi makampani ambiri pamalo amodzi. Ntchito yophunzirira ya miyezi ingapo, ngakhale ya malipiro ochepa, ndi yoyenera kuilandira ngati ikuphunzitsadi luso. Aliyense wopempha ndalama kuti alembe munthu ntchito kapena amuitanire ku intavyu ndi wakuba, ndipo sayenera kupatsidwa kanthu.

Pa intavyu, mafunso okhudza kugwira ntchito ndi anthu ena, kuthetsa mkangano kapena kumaliza ntchito panthawi yake ayankhidwe ndi chitsanzo cha mupulojekiti, motsata ndondomeko iyi: vuto linali lotani, udindo wa woyankhayo unali wotani, anachita chiyani, ndipo zotsatira zinali zotani. Anzake a pagulu akhoza kuyeserera kufunsana. Ntchito ikapezeka, wolembedwayo awerenge kalata ya mgwirizano asanasaine, aone nthawi yoyesedwa, msonkho wa PAYE ndi penshoni, yomwe mwalamulo bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti.

Gawo 9: Maphunziro a ukatswiri ndi kuyamba bizinesi

Digiri ndi poyambira chabe m'ntchito zambiri za zamalonda. Ofuna ntchito ya maakaunti afufuze za mayeso a ICAM, ACCA kapena CIMA adakali pasukulu, ndipo afunse ngati digiri yawo ikuwachotserako mayeso ena. Ophunzira za kutsatsa malonda, zogulagula ndi kuyang'anira antchito nawonso ali ndi mabungwe a akatswiri omwe ndi bwino kulowa msanga.

Gulu lomwe pulojekiti yake yaonetsa malonda otheka likhoza kuyamba bizinesi, koma liyambe lalemba pangano la magawo a aliyense, kagawidwe ka phindu ndi chochita wina akafuna kutuluka. Kenako lilembetse dzina la bizinesi kuboma, litenge nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA ndi layisensi ya kukhonsolo, ndipo litsegule akaunti yakubanki ya bizinesiyo payokha. Bungwe la SMEDCO, lomwe kale linkatchedwa SMEDI, limapereka upangiri kwa mabizinesi ang'onoang'ono. Ngongole itengedwe pokhapokha katundu atayesedwa pamsika ndi mpamba wochepa wa eni ake, ndipo masamu a kayendedwe ka ndalama ataonetsa kuti bizinesiyo ikhoza kubweza mwezi ndi mwezi popanda kudya mpamba.