Mkaka ukundichepera, ndidye chiyani?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 22 ndipo mwana wanga woyamba wakwanitsa masabata 7. Poyamba mabere anga ankadzaza mpaka kunyowetsa bulauzi, koma masiku ano afewa ngati mulibe kanthu. Mwana akungofuna bere pafupipafupi, makamaka madzulo, ndipo akalisiya pang'ono wayambanso kulira. Apongozi akuti mkaka wanga ndi wochepa, ndiye akundiuza kuti ndizitafuna chinangwa chachiwisi ndi kumwa thobwa lambiri. Mnzanga wina akuti kapu ya masese usiku imatsegula mabere. Dzulo apongozi anena kuti zikapitirira ayamba kumumwetsa phala lamadzimadzi, ndipo amuna anga akuti ndizimvera akulu. Ndalama ya mkaka wam'chitini tilibe. Ndidye chiyani kuti mkaka uchuluke? Ndikuopa kuti mwana wanga ndikumugoneka ndi njala.

Mayi wankhawa, Ntcheu

Mwana wanga,

Usanateleke mphika pamoto, yamba wawerenga matewera. Mwana wa msinkhu uwu akamanyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo pa tsiku, usana ndi usiku, mkodzo wake uli woyera, ndipo kusikelo akukwera, ndiye kuti akukhuta. Tsegula buku lake la kusikelo uone. Kufewa kwa mabere si umboni wa njala. Masabata oyamba thupi limapanga mkaka wopitirira chifukwa silinadziwe mlingo wa mwana. Pofika masabata 6 kapena 7 limakhala laudziwa, mabere amasiya kutupa, koma mkaka ulimo. Nthawi yomweyi ana ambiri amakula mofulumira, ndipo kwa masiku angapo amakakamira bere, makamaka dzuwa likapendeka.

Kukakamira kumeneko n'kumene kumachulukitsa mkaka. Bere lili ngati chitsime cha m'dambo: ukamatungamo, madzi amabweramo ena. Mwana akamayamwa, ubongo wako umatulutsa michere ya m'thupi iwiri, wina wouza bere kuti lipange mkaka, wina woutulutsa. Ndiye muyamwitse nthawi iliyonse akafuna, ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, osadumpha usiku, chifukwa usiku ndi pamene mchere wopanga mkakawo umachuluka. Aziyamwa bere limodzi mpaka alisiye yekha, kenako umupatse linalo. Uonenso kagwiridwe kake: kukamwa kuyasame kwambiri, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yaikulu ya pakuda pa bere ilowe m'kamwa. Akamangoyamwa nsonga, iwe umva kuwawa, iye sakhuta.

Tsopano za mphika. Chakudya chimapatsa mphamvu iweyo, kuti thupi lisafooke pogwira ntchito imeneyi, ndipo alangizi a zaumoyo amati mayi woyamwitsa aziwonjezera zakudya kawiri pa tsiku pamwamba pa zimene amadya kale. Sizifuna golosale. M'mawa phika phala la mgaiwa, uthiremo nsinjiro supuni ziwiri zazikulu, kapena ufa wa soya wokazinga. Pa nsima pazikhala nkhwani, bonongwe kapena chisoso chotendera, ndi nyemba, nandolo, dzira, usipa kapena matemba. Tinsomba ting'onoting'onoti uzidya ndi mitu ndi minga yomwe, chifukwa m'menemo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa. Ngati pakhomo pali mtengo wa chammwamba, yanika masamba ake pamthunzi, usinje, uzithira pang'ono m'phala kapena m'ndiwo. Masana njala ikakupeza, futali wa mbatata, nthochi, papaya kapena mtedza wokazinga zikhale pafupi.

Pa thobwa, apongozi ako sanalakwe. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi ochuluka kwambiri, n'chifukwa chake mayi woyamwitsa amamva ludzu mwana akangogwira bere. Thobwa limathetsa ludzu ndi njala nthawi imodzi. Phika phala la ufa wa chimanga, likazizirako n'kukhala lofunda uthiremo chimera cha mawere kapena mapira, uvindikire ligone, m'mawa uliwiritsenso. Uzimwa likadali lotsekemera. Likagonera masiku angapo n'kuyamba kuwira lokha, lasanduka mowa, ulisiye. Madzi a malambe nawonso ndi abwino, bola uwapange ndi madzi owiritsa. Koposa zonse, nthawi iliyonse ukakhala pansi kuyamwitsa, kapu ya madzi akumwa ikhale pambali pako. Imwa monga mwa ludzu lako. Kudzikakamiza ndowa yonse sikuwonjezera mkaka.

Za masese mnzakoyo wakunamiza. Mowa umalowa mu mkaka n'kufika kwa mwana, komanso umachedwetsa kutuluka kwa mkakawo, moti mwana amayamwa wochepa. Chinangwa chachiwisi nacho chilibe mankhwala otsegula mabere, ndipo chowawa chija chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikaviikidwa ndi kuphikidwa bwino. Ukachifuna, chiphike.

Pamene ndikufuna ulimbe mtima ndi pa phala lamadzimadzi lija. Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi bungwe la WHO, umalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6: bere lokha, popanda madzi, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba, kupatula mankhwala amene achipatala apereka. Mimba ya mwana wa masabata 7 ndi yaing'ono. Phala likadzazamo, iye ayamwa pang'ono, bere lipanga mkaka wochepa, ndipo vuto limene apongozi akuliopa liyambira pomwepo. Phala ndi madzi zimabweretsanso matenda otsegula m'mimba. Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi imeneyi kumawonjezera chiopsezo choti mwana atenge kachilomboko, choncho iye ayenera kuyamwitsa mwakathithi uku akumwa ma ARV mosadumphitsa.

Apongozi usakangane nawo. Akuchita zimenezi chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndipo anthu akale analera ana momwe anaphunzitsidwira. Tsiku la sikelo uwapemphe akuperekeze, akadzionere okha kulemera kwa mwana ndi kumva kuchokera kwa anamwino kapena alangizi a zaumoyo. Uwapatsenso ntchito imene angaigwire monyadira, yokuphikira thobwa ndi kukusinjira nsinjiro. Amuna akowo uwauze kuti mutu umodzi susenza denga: atunge madzi, awaze nkhuni, amunyamule mwana akakhuta kuti iwe ugoneko. Kutopa ndi nkhawa zimachedwetsa kutuluka kwa mkaka.

Koma ukaona matewera akuuma, mkodzo uli wachikasu kwambiri, mwana akungogona osafuna kuyamwa, watentha thupi, liwombo lalowa, kapena kusikelo sakukwera, usadikire tsiku la sikelo, pita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Upitenso ngati bere latupa, lafiira ndipo ukumva malungo. Ngati wayamba njira yolera, uwauze anamwino kuti ukuyamwitsa, chifukwa mapiritsi ena amachepetsa mkaka ndipo zilipo njira zina zoyenera mayi woyamwitsa.

Usiku uno imwa thobwa la apongozi, umuike mwana pachifuwa, ndipo mawa uyambe kuwerenga matewera. Undilemberenso mukabwerako kusikelo.

Azakhali ako