Asayimenti isathere mu fulashi: kasungidwe ndi katumizidwe ka ntchito ya kukoleji

Malangizo awa ndi a inu amene mukuchita maphunziro a sayansi ndi a kompyuta muli ku Balaka kapena ku Machinga: ophunzira a Mzuzu University amene mumaphunzira muli kwanu n'kumadalira malo a ODeL a pa Balaka, aphunzitsi a mawa a ku Machinga Teacher Training College, ndi inu a m'sukulu zaumisiri. Ambiri mwa inu funso mumaliyankha bwino ndithu. Pulogalamu imayenda, lipoti la mu labu limatha. Chimene chimakugwetsani n'chakuti tsiku lopereka likafika, ntchitoyo sioneka.

Zowerenga funso kawiri, kudziwa tsiku lomaliza ndi kutchaja laputopu magetsi akadalipo, sinditayapo nthawi. Ndinu akuluakulu.

Yambani ndi dzina la fayilo, musanalembe liwu ngakhale limodzi. Ikanipo nambala yanu ya kukoleji, khodi ya phunzirolo ndi tsiku. Mawa mukapitiriza, sungani ndi tsiku la mawalo, yadzuloyo isiyeni ikhale. Mayina a "final", "final2" ndi "final yeniyeni" ndi amene amachititsa munthu kutumiza ntchito ya sabata yatha, yopanda mawu omaliza. Polemba, chala chizolowere Ctrl ndi S pakutha pa ndime iliyonse. Word imadzisungira yokha pa mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, koma pa kompyuta ya patebulo yopanda batire, magetsi akathima, mphindi 10 zimenezo ndi tebulo lonse la zotsatira limene munavutika nalo.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Tsiku lililonse, musanatseke kompyuta, ntchito yanu ikhale pamalo atatu: pa kompyuta imene mukulemberapo, pa fulashi, ndi pa intaneti. Ndati tsiku lililonse, osati mukamaliza. Ndati malo atatu, osati awiri.

Wina amati ndasunga pa foni komanso pa memori khadi yake. Amenewo ndi malo amodzi, pakuti foni ikabedwa mu minibasi pakati pa Liwonde ndi Ntaja, khadiyo imapita nayo limodzi. Wina amati ili pa laputopu, fulashi ili m'kathumba ka chikwama chomwecho. Amenewonso ndi malo amodzi. Ndipo ngati laputopuyo ndi yobwereka kwa mnzanu kapena kwa amalume, musaiwerengere n'komwe. Mwiniwake akhoza kuitenga Lachinayi kupita nayo kumaliro ku Nsanama, inu mukupereka Lachisanu.

Fulashi payokha ndiye musaikhulupirire ngakhale pang'ono. Mukapita nayo kokapulinta, imalowa m'kompyuta imene kuyambira m'mawa yalandira mafulashi a anthu ena ambirimbiri, a nyimbo, a mafilimu, a makalata ofunsira ntchito. Mukabwerera n'kuitsekula, mumapeza mafoda anu onse ali ndi kamuvi kakang'ono pakona yapansi, ndipo mukadina palibe chotseguka. Imeneyo ndi vayirasi ya shortcut, yofala kwambiri m'malo opulintira. Apa ndi pamene pamabwera malangizo amene amandikwiyitsa: "Ingoifomatani, bwana." Ayi. Musafomate. Nthawi zambiri vayirasi imeneyi sifufuta mafayilo, imangowabisa. Kufomata ndiko kumawachotsa. Musadinenso timafoda ta kamuvito, chifukwa kudinako ndi kumene kumalowetsa vayirasi m'kompyuta yanu. Tsekulani Command Prompt, ndipo ngati fulashi yanu ikuoneka ngati E, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* n'kudina Enter. Mafoda enieni amatulukira, nthawi zina ali mkati mwa foda yopanda dzina. Akopereni pa kompyuta yoyera, muwapime ndi antivayirasi, kenako ndiye mufomate fulashiyo. Koma chabwino koposa n'kusapita ndi fulashi ya ntchito yanu kokapulinta. Sandutsani fayilo kukhala PDF, muitumize pa WhatsApp ya mwini malowo, kapena mukhale ndi kafulashi kena kongopulintira basi. Mtengo wa fulashi ya 8 GB kapena 16 GB umasiyana malinga ndi kumene mwagula. Mitengo yakhala ikuthamanga chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zotchipa kwambiri zolembedwa kuti 128 GB zisiyeni. Zambiri n'zachinyengo, zimalandira fayilo bwinobwino koma poitsekula mumapeza zilembo zosawerengeka.

Malo achitatu, a pa intaneti, ndi amene amapulumutsa, ndiponso ndi amene anthu amachita nawo ulesi. Njira yapafupi ndi kudzitumizira imelo nokha. Lembani adiresi yanu yomwe, mangirirani fayilo, tumizani. Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo aulere okwana 15 GB, ogawana ndi Google Drive, ndipo mukamangosungamo zolemba simungawadzaze mpaka mutamaliza digiri. Musandiuze za bandulo. Fayilo ya Word ya masamba khumi yopanda zithunzi kawirikawiri sifika 1 MB. Kavidiyo kamodzi kamene munaonera pa Facebook m'mawa kadya kuposa pamenepo. Kabandulo kakang'ono ka Airtel kapena TNM, ka ndalama zosaposa za chipisi cha pa chiwaya, n'kokwanira. Ngati kumudzi kwanu netiweki imavuta, tumizani tsiku limene mwapita pa Ulongwe kapena pa Phalula, koma sabata isathe musanatumize. Kudzitumizira pa WhatsApp kumathandizako, koma sikulowa m'malo mwa imelo, chifukwa foni ikatayika mulibe backup, macheza amapita nayo. Pasiwedi ya imeloyo muidziwe pamtima. Ndaona anthu ntchito yawo ili bwinobwino mu imelo, koma sangathe kulowamo chifukwa akauntiyo anawatsekulira ndi munthu wina ndipo nambala yotsimikizira ikupita ku simu khadi imene inatayika kalekale.

A mapulogalamu, tamverani. Ntchito yanu si fayilo imodzi, ndi foda yonse. Ipangeni zip musanatumize, apo ayi mudzapereka khodi yoitana mafayilo amene anatsala pa laputopu yanu. Gmail imakana mafayilo a .exe ngakhale mutawabisa mu zip, choncho achotseni mutumize khodi yokha. Mukafika chaka chachiwiri musanaphunzire Git ndi GitHub, mwachedwa. Madzulo awiri akukwanirani kudziwa commit ndi push.

Musaganize kuti zosunga ntchito pamalo atatuzi n'zochulutsa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ophunzira ankalemba mothamangitsana ndi batire. Kuno kwathu onjezanipo kutentha kwa Okutobala ndi fumbi. Laputopu yakale yoikidwa pamatiresi, mabowo ake opumira atatsekeka, imadzithimitsa yokha, ndipo tsiku lina siidzayakanso. Iikeni patebulo kapena pathabwa.

Masamu ndi fizikisi zolemba pamanja, musatumize zithunzi zobalalika. Yalani pepala pafupi ndi khomo masana, gwiritsani ntchito sikana ya mu Google Drive pa foni, masamba onse alowe mu PDF imodzi motsatana. Kuzani chithunzicho muone ngati timanambala ta pamwamba tikuwerengeka.

Potumiza, dziikireni tsiku lanulanu, tsiku limodzi lisanafike la aphunzitsi. Usiku womaliza aliyense amakhala akutumiza ndipo zinthu zimayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yolemedwa. Ngati koleji yanu imagwiritsa ntchito Moodle, dziwani kuti kukweza fayilo si kupereka nthawi zonse. Pa asayimenti zina pamalembedwa Draft mpaka mutadina Submit assignment. Musachoke pasanalembedwe Submitted for grading. Kenako tsitsani fayilo imene mwakwezayo, muitsekule, mufike nayo patsamba lomaliza, mutsimikize kuti ndi yomweyo. Jambulani sikirini poonekera tsiku ndi nthawi, chithunzicho muchitumizenso ku imelo yanu. Zikakanika ndithu, lemberani aphunzitsi imelo nthawi isanakwane, fayilo ili pomwepo pamodzi ndi chithunzi cha pamene pakukanikapo, ndipo mudziwitse woyimira kalasi yanu ola lomwelo.