Zakudzala Zimene Zingamange Nyumba

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ndifuna kukamba nanu za zinthu zimene timataya kudzala pamene zikadatithandiza pomanga. Ife a kuno ku Mayani tidziwa bwino kuti uvuni wa njerwa umadya nkhuni zambiri, ndi kuti mitengo ya m'mapiri a Dedza ilikutha. Ngakhale nkhalango ya Chongoni, kumene kuli zojambula za makolo pamiyala zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake m'chaka cha 2006, nkhwangwa siinaileke. Chifukwa cha vuto lotere, m'chaka cha 2018 Boma linaika lamulo loletsa njerwa zootcha pomanga nyumba zaboma ndi nyumba zamalonda. Tsono tidzamangira chiyani? Ine ndaona zinthu zitatu.

Choyamba ndi zidutswa za njerwa. Pakagwa chipupa kapena pakaphwasulidwa uvuni, zidutswa zimangoti mbwee. Muzitole, muziswe ndi nyundo, muziyale pansi m'nyumba ndi kuzisinja kufikira zitakhazikika, kenaka muthire simenti pamwamba. Pansi potere sipatitimira msanga, ndipo simugula miyala. Njerwa yopsa kale siifunanso nkhuni.

Chachiwiri ndi mabotolo apulasitiki amene amadzaza m'ngalande tsiku la msika. Botolo lotere siliola, ndipo mukalitentha utsi wake uwononga chifuwa. Koma mukalidzaza mchenga wouma, ndi kutsendera ndi kamtengo mpaka lileke kufinyika, nimutseka, lisanduka njerwa. Mabotolowo amawagoneka m'mizere, pakati pake naikapo dothi loponda kapena simenti, ndi kumanga makosi ake ndi chingwe kuti asasunthe. Potsiriza amamata chipupa chonse, pakuti dzuwa limafumbutsa pulasitiki. Ku Nigeria, m'mudzi wa Yelwa, anamanga nyumba yotere m'chaka cha 2011. Ife tingayambe ndi zazing'ono, monga mpando wokhalapo pabwalo kapena kampanda ka maluwa.

Chachitatu ndi dothi lotuluka pokumba maziko kapena chimbudzi. Makolo athu anali kumanga nyumba zamdindo, kuthira dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa ndi kulisinja. Lero dothi lomwelo amalisefa, naliphatikiza ndi simenti pang'ono, nalipanikiza m'makina. Njerwa zake amaziumitsa pamthunzi ndi kuziwaza madzi masiku angapo, osaotcha konse. Koma chenjerani: chipupa chadothi chifuna maziko okwera ndi denga lotulukira kunja, chifukwa mvula ya kuno kumapiri siichita chibwana.

Motero ndikupemphani, anzanga, kuti tikumbe dzenje la zinyalala zoola zokha, koma mabotolo ndi zidutswa za njerwa tizisunge pazokha. Ambiri a ife tidzamanga nyumba zathu m'zaka zilinkudzazi. Tikazolowera tsopano, sitidzakhala ife odula mtengo wotsiriza wa paphiri.